Mizere Iwiri

Ine Jernej ndimadzuka tauni ikadali m'bulangeti,
belu la tchalitchi lisanakhosomole.
Ndimapala chisanu pagalasi la makina ndi chigongono,
ndiliza injini, ndiidikira ifunde,
khofi akuzizira m'kapu pakati pa mawondo anga.

Ntchito yanga sichedwa kufotokoza:
kulemba mizere iwiri m'chipale chofewa,
kuyambira pa mlatho wamatabwa,
kudutsa dambo la Ožbej, pomwe ng'ombe zimadya mu Julaye,
kulowa m'mapaini,
mpaka pachikwangwani chonena kuti Italy wayambira apa.
Mizere iwiri yoyenda limodzi,
yosakumana, yosasiyana,
monga ine ndi Majda
chichokereni mwana wathu wamwamuna kupita ku Graz
ndi mawu onse a m'nyumba.

Kukacha mahotela amalavula alendo
ovala zofiira ndi zachikasu ngati maswiti.
Ambiri maso ali kuphiri.
Amakwera pamipando yolendewera pachingwe,
miyendo ili lendelende pamwamba pa mitengo,
kukagula mphindi zitatu za mantha.
Kenako uwaone akutsika,
chipale chili koboo kumbuyo kwawo,
wina akukuwa dzina la amake,
wina wagwa chagada, ndodo kwina, chipewa kwina,
akuseka ndi mano oyera.

Mwana wanga Tinkara ali komweko,
amaphunzitsa tiana ta ku Zagreb kupinda mawondo.
Amati, Atate, anthu anu a kudambo
amayenda ngati akukolopa pansi.
Sindimutsutsa.
Anga ndi aja osafulumira,
okankha ndi ndodo, mpweya uli tolotolo pakamwa,
omva khwangwala akatera panthambi
ndi kachipale kogwa pambuyo pake.

Woyamba nthawi zonse ndi mayi Zofka,
zaka makumi asanu ndi atatu, masikii amatabwa
amene anawapaka phula bambo awo nkhondo itangotha.
Sapereka moni.
Amangoima pafupi ndi makina nkunena kuti,
Pamtengo wogwa paja wakhotetsa,
unali kuganiza chiyani?
Ndipo amakhala akunena zoona.

Chaka chino mu Januwale kunagwa mvula.
Mvula, pano!
Phiri linasenda ngati mphuno ya mlendo.
Kumtunda anayatsa mizinga yopopera chipale usiku wonse,
koma kudambo kuno kulibe mizinga.
Ndinatuta chotsala kumthunzi wa nkhalango,
ngolo makumi anayi,
nkuchiyala pa udzu wofiirira
ngati bandeji pamwendo.
Alendo anajambula zithunzi moonetsa poyera pokha.
Mayi Zofka anadutsapo kawiri,
sananene kanthu,
ndipo kukhala chete kwawoko kunandiwawa kuposa msana.

Madzulo mipando imaima m'malere, yopanda anthu.
Kumabala akuimba nyimbo za Chijeremani,
nsapato zolemera zikugunda pansi.
Ine ndimabwerera kukawerenga zimene tsiku lalemba:
apa mwana anagwa nadzuka yekha,
apa awiri anaima nthawi yaitali moyandikana kwambiri,
apa nkhandwe inadula njira osapempha.
Golovesi limodzi, lakumanzere.
Ndili nawo khumi ndi asanu ndi awiri m'bokosi,
onse akudikira anzawo.

Ndimafufuta zonsezo.
Ndicho chimene amandilipirira:
kuti wobwera mawa aziyesa ndiye woyamba padziko.

Lachiwiri lapitali kunagwa chipale chenicheni,
chachikulu ngati nthenga, usiku wonse, kuli zii.
Nditakwera m'makina ndinapeza pampando
fulasiki yathu yakale yobiriwira
ndi buledi wa mtedza wokulunga m'kansalu.
Panalibe kalata.
Panali mapazi okha, aang'ono,
ochokera kukhomo lathu nkubwerera,
chipale chikuwakwirira pang'onopang'ono.

Ndinawazungulira ndi makina.
Mmawa mayi Zofka anati,
Pakhomo pako paja wakhotetsa.
Ndinati, Eya.